Tikumane Loweruka, nkhani yake ndi Section 64

Mamembala nonse, Loweruka lino 2 koloko masana tikumane pamalo athu aja. Nkhani ndi ya ndalama zamakampani mundale. Lamulo la zipani la 2018 limati chipani chiziulula omwe achipatsa ndalama, koma inu munaonapo mndandanda wake? Kampani ithandiza kampeni lero, mawa ma tenda onse ndi ake, ife nkumangoonerera ngati Cashgate ya 2013 sinatiphunzitse kanthu.

Kuti andale azimvera ife ovota osati makampani, tikufuna tilembe kalata yopita ku Nyumba ya Malamulo kuti Section 64 ya Konsitityushoni, ija anaichotsa mu 1995 yotipatsa mphamvu yochotsa MP tisanafike pachisankho, ibwerere. Bwerani ndi maganizo komanso cholembera, ndipo chonde nthawi, ulendo watha tinayamba mpaka 4.