Za masewero anga aja ogwa chagada

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako yandipeza, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chakusiya chisanu cha ku New York chisanayambe. Kuno tonse tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

Koma pa nkhani ya lesitilanti ya Joe Allen ija sindikusiya. Wati unaseka utaona makoma ake atadzaza ndi maposita a masewero a nyimbo amene anagwa chagada pa Broadway, dera lija la maholo akuluakulu a masewero ku New York, ndipo wati anthu a kumeneko amakongoletsa nyumba ndi manyazi awo. Iwe, chonsecho ukudziwa bwino lomwe kuti nyimbo zambiri zimene ndimamvera ndikamachapa n'zochokera m'masewero a mtundu umenewo! Unkaseka abale anga.

Akati sewero lagwa, amanena za ndalama basi. Kumeneko sewero limaonetsedwa maulendo 8 pa sabata, ndipo sabata iliyonse pamafunika malipiro a ochita sewero, a oimba zida, a ogwira magetsi ndi makatani, kuphatikizapo lendi ya holo. Mipando ikakhala yopanda anthu kwa masabata angapo, eni ndalama amatseka, kaya nyimbo zake n'zokoma chotani. Ndipo masewero ambiri a pa Broadway sabweza mpamba, ngakhale ena otchuka ndithu.

Langa la pamtima ndi Merrily We Roll Along, la wopeka nyimbo Stephen Sondheim. Linatsegulidwa mu Novembala 1981, n'kutsekedwa litaonetsedwa maulendo 16 okha. Masabata awiri, basi. Sondheim ndi wotsogolera wake Hal Prince anali atatulutsa kale masewero otamandidwa ngati Company ndi Sweeney Todd, moti anthu ankati chilichonse chimene angagwire chiyenda. Nkhani yake ndi ya mabwenzi atatu: Frank wopeka nyimbo, Charley womulembera mawu, ndi Mary wolemba mabuku. Koma imayenda chobwerera m'mbuyo. Umayamba kuwaona ali akuluakulu, atadana, Frank atalemera koma ali wopanda chimwemwe, Mary atasanduka chidakwa. Kenako zaka zimabwerera pang'onopang'ono mpaka 1957, atatuwo ali achinyamata padenga la nyumba, akuyang'ana setilaiti ya Sputnik ikudutsa kumwamba, akulonjezana zinthu zimene iwe woonera ukudziwa kale kuti sadzazisunga. Zili ngati kuyamba waona banja likutha pabwalo la milandu, n'kumalizira pa chinkhoswe chawo, anthu akululutira.

Prince anasankha ana, ena a zaka 16, aakulu kwambiri a zaka za m'ma 20, kuti achite mbali za anthu a zaka za m'ma 40. Oonera anasokonezeka osadziwa uyu ndani uyo ndani, mpaka ochita sewerowo anawaveka majuzi olembedwa pachifuwa kuti uyu ndi bwenzi la Frank, uyu ndi mkazi wake wakale. Tangoganiza, walipira tikiti yodula kuti uziwerenga majuzi! Pa masiku oyeserera pamaso pa anthu, ambiri ankatuluka nthawi yopuma osabwereranso. Mnyamata amene ankachita mbali ya Frank anachotsedwa sewero lisanatsegulidwe n'komwe. Litagwa, Sondheim ndi Prince anakhala zaka zoposa 20 osagwirira ntchito limodzi.

Nanga ine kuno ndinalidziwa bwanji sewero limene linatha m'masabata awiri? Chimbale. Tsiku lotsatira atatseka, ana aja analowa mu situdiyo n'kujambula nyimbo zonse. Ukamamvera chimbale chimenecho uzikumbukira kuti akuimbawo ntchito yawathera dzulo lake, ndipo akuimba za maloto a achinyamata. Mawu awo ena ndi osakhwima, pena amakuwa mopyola muyeso, koma palibe chimbale china cha sewero limeneli chimene chimandigwira mtima ngati chimenecho. Mmodzi wa iwo anali Jason Alexander, uja anadzatchuka mu sewero la pa TV la Seinfeld.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Sewero likagwa, moyo wake umadalira ngati panapezeka munthu wolijambula. Anyone Can Whistle, la Sondheim yemweyo, linaonetsedwa maulendo 9 okha mu 1964, ndipo linali sewero loyamba la nyimbo la Angela Lansbury pa siteji. Mkulu wa kampani yojambula zimbale ya Columbia, Goddard Lieberson, anaumirira kuti lijambulidwebe ngakhale latsekedwa. Pakanapanda iye, bwenzi pano litangotsala dzina. Carrie linalibe mwayi umenewo. Linachokera ku Royal Shakespeare Company ku England, nkhani yake ya mtsikana uja wa m'buku la Stephen King amene anzake anamuthira magazi a nkhumba pa dansi ya kusukulu. Pa Broadway mu 1988 linaonetsedwa maulendo 5, ndalama pafupifupi madola 8 miliyoni n'kulowa m'madzi, anthu ena akuwomba m'manja ena akukuwiza m'holo imodzimodzi. Chimbale panalibe. Kwa zaka zambiri okonda sewerolo ankangopatsana makaseti ojambulidwa mozemba ndi anthu amene analowa ndi makina m'thumba. Ndamverapo zimenezo pa YouTube: phokoso lokhalokha, munthu akutsokomola pafupi, koma Betty Buckley ndi Linzi Hateley akamaimba monga mayi ndi mwana wake, thupi limachita tsembwe. Zigawo za ana asukulu ndiye ayi, n'zoipadi, sindingazitetezere.

Usaganize kuti chilichonse chogwa ndimachikonda. Spider-Man: Turn Off the Dark linadya madola 75 miliyoni, anthu anavulala pouluka pa zingwe, linakhala mpaka 2014 osabweza mpamba, ndipo silindikhudza n'komwe. Amene ndimawakonda ndi aja anayesa chinthu chovuta n'kuchiphonya pang'ono.

Mack & Mabel ndiye linapulumuka modabwitsa. Jerry Herman analemba nyimbo zosangalatsa, koma nkhani yake inkathera pa imfa ya Mabel Normand, katswiri wa mafilimu akale, ndipo anthu a mu 1974 sanafune kulipira kuti akalire. Linatha pa maulendo 66. Mu 1982 Torvill ndi Dean, otsetsereka pa ayezi a ku Britain, anavinira nyimbo yake yotsegulira n'kupambana mpikisano wa dziko lonse. Anthu a ku Britain anayamba kufunsa kuti nyimbo imeneyi yachokera kuti, chimbale chinayamba kugulidwa, ndipo mu 1995 sewerolo linaonetsedwa ku London.

Merrily nalonso linadzuka, monga unamva. Maria Friedman analikonza ku holo ya masewero ya Menier Chocolate Factory ku London mu 2012, ndipo mu 2023 analibweretsa pa Broadway ndi Jonathan Groff, Daniel Radcliffe ndi Lindsay Mendez. Holo inkadzaza, linabweza mpamba, ndipo mu 2024 linalandira mphotho zinayi za Tony, mphotho zapamwamba za masewero a pa Broadway. Sondheim anali atamwalira mu 2021, Prince mu 2019. Ndinakondwa, inde, koma kansanje kanandigwira. Kale ukatchula dzina limeneli, amene wakumva ankakhala m'bale wako pompo. Lero aliyense akuti analikonda kuyambira kalekale. Anali kuti?

Tsono ndikutume. Ukamadutsa m'masitolo ogulitsa zimbale zakale, undiyang'anireko cha Anyone Can Whistle cha 1964 chija, chachikulu chakuda chenicheni, ngakhale chikuto chake chikhale chong'ambika. Choimbira ndikabwereka kwa amalume, chawo chikadagwirabe ntchito. Ndalama ndidzakubwezera ukadzabwera pa Khirisimasi, koma chikapyola madola 30 uchisiye.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti uwaimbire, mawu ako anawasowa.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.