Usanavule yunifolomu, konza mapepala

Mwananga,

Ndamva zoti ukufuna kusiya usilikali kuti ulowe ndale kumeneko ku Australia. Sindikuletsa, koma yamba waona mmene anayendera Mike Kelly. Analowa usilikali mu 1987 ngati loya, natumikira ku Somalia, East Timor ndi Iraq mpaka kufika paudindo wa colonel. Mu 2007 anapambana mpando wa uphungu wa dera la Eden-Monaro pa tikiti ya chipani cha Labor. Unduna woona za zida za asilikali anaupeza mu 2013, ndipo sunathe n'chaka chomwe, chifukwa mu Seputembala anagwa pachisankho. Choncho usawerengere unduna pokonza za chuma cha banja lako. Sunga ndalama yoti mudyere ngati ungagwe.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi gawo 44 la malamulo aakulu a dzikolo. Munthu wokhala ndi unzika wa dziko lina saloledwa kukhala phungu. Malawi masiku ano amalola unzika wa mayiko awiri, koma nyumba ya malamulo ya ku Canberra siilola. Fufuza ngati udakali nzika ya kuno, ndipo ngati uli, yamba msanga kutula unzikawo. Kutumiza fomu kokha sikukwanira. Katy Gallagher anatumiza mapepala ake ku Britain, koma anavomerezedwa nthawi yopereka mayina itatsekedwa kale, ndipo mu 2018 khoti lalikulu linamuchotsa mu Senate, chipinda chapamwamba cha nyumba ya malamulo. Barnaby Joyce anali wachiwiri kwa nduna yaikulu, komabe mu 2017 anataya mpando chifukwa cha unzika wa New Zealand umene anautengera kwa bambo ake. Kalata yotsimikiza ikhale m'manja mwako usanasaine chilichonse. Zondipweteka ndithu kukuuza kuti utule unzika wakwanu, koma lamulolo silionera nkhope.

Gawo lomwelo limaletsanso wolandira malipiro a boma. Msilikali wa nthawi zonse ayenera kutuluka kaye, ndipo tchuthi chopanda malipiro usachidalire: Phil Cleary, mphunzitsi yemwe anali pa tchuthi chotero, anachotsedwa pa uphungu mu 1992.

Zithunzi za yunifolomu uzisiye m'chimbale. Andrew Hastie, yemwe anali captain wa SAS, gulu la asilikali a ntchito zapadera, ndipo anadzakhala wothandizira nduna ya zachitetezo mu 2020, anachotsedwa m'gulu la Reserve, la asilikali oitanidwa akafunika, mu 2016 atakana kuchotsa zithunzi zotero pa zikwangwani za kampeni.

Ndalama ya chikole yolipira popereka dzina pachisankho ndi madola 2,000 a ku Australia, ndipo imabwezedwa ukapeza mavoti okuika pa nambala 1 okwana 4 pa 100 alionse. Woyima payekha amafunikanso anthu 100 omusainira. Ukafuna tikiti ya chipani, lowa nthambi ya kudera lako tsopano lino. Kumeneko sulamula munthu monga kubalaki. Umapempha voti kwa mamembala mmodzimmodzi, ndipo ena adzakufunsa za msewu ndi chipatala, osati za nkhondo.

Kambiranani bwino ndi apongozi anga musanapereke kalata yotula ntchito. Amayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.