Kalata kwa Mkulu wa Nthambi Yoona za Nyengo: Tisungireni Mbiri ya Matalala

Olemekezeka Bwana Mkulu,

Ine ndine mmisiri wokhoma madenga, ndipo ndikukupemphani kuti nthambi yanu iyambe kulemba ndi kufalitsa mbiri ya matalala a dera lililonse, monga mmene mumachitira ndi mlingo wa mvula.

Matalala ali ndi nthawi yake komanso malo ake. Amapangika m'mitambo italiitali ya mabingu, pamene mpweya wotentha ukukwera mwamphamvu n'kukankhira madontho kumwamba kozizira, kumene amaundana n'kumakula mpaka atalemera. N'chifukwa chake amakonda kugwa masana kapena chakumadzulo dzuwa likaswa mtengo, makamaka m'madera okwera. Ku Kericho, m'dziko la Kenya, amagwa masiku pafupifupi 50 pa chaka, pamene ku Gopalganj, ku Bangladesh, mu 1986 kunagwa ena olemera kilogalamu imodzi ndipo anthu 92 anafa.

Chovuta n'chakuti matalala amatsata kampata kakang'ono, amagwa kwa mphindi zochepa n'kusungunuka msanga, choncho malo oyezera nyengo, amene amakhala motalikirana, kawirikawiri sawaona n'komwe. Mbiri yake imangotsalira m'mitu ya anthu okalamba.

Ife okwera padenga ndife amene timaona zotsatira zake. Lata lopyapyala la geji 32 limatsala lopindikapindika ngati lasulidwa ndi nyundo, utoto wake umasupuka, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Kalabala kotchinga madzi pamutu pa msomali kamang'ambika, koma mwininyumba sadziwa kanthu mpaka siling'i itayamba kuda patapita miyezi. Matailosi nawonso amasweka. Ndikalangiza munthu kuti agule malata okhuthala a geji 28, amandifunsa ngati kwawoko matalala amagwa kawirikawiri, ndipo zimandiwawa kuti ndilibe chomuonetsa.

Ntchitoyi sikufuna makina odula ayi. Aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi atha kumalemba tsiku, ola ndi kukula kwa matalala poyeza ndi lula asanasungunuke, n'kutumiza pafoni. Pakapita zaka zingapo, mudzatha kutulutsa mapu osonyeza madera ndi miyezi yoopsa, kuti omanga sukulu, zipatala ndi nyumba azisankha denga akudziwa chimene chidzaligwere.

Ine wanu,
Mmisiri wokhoma madenga