Lipoti la maphunziro a kupulumutsa mafayilo mu hard drive yakufa

A wapampando, a komiti ndi anzanga nonse okonza makompyuta,

Munandituma ku maphunziro a masiku atatu aja ndi funso lomwe takhala tikukanganirana pa misonkhano yathu: kodi hard drive ikafa, tingachotse zimbale zake za mkati, zomwe zimasunga mafayilo, n'kuziika mu ina yamoyo kuti mafayilo a kasitomala atuluke? Yankho ndabwera nalo. Zimatheka, koma ndi njira yomaliza zina zonse zikakanika, ndipo ife pakadali pano tisayerekeze n'komwe.

Tsiku loyamba sitinagwire sikuludiraiva. Aphunzitsi anangotiyalira ma drive akufa patebulo, n'kumawayatsa imodziimodzi kuti timvetsere. Imene ikungoti zii, kawirikawiri vuto limakhala pa bodi ya zamagetsi ya kunja kwa drive ija. Imene ikuzungulira koma ikulira kuti kha kha kha, nthawi zambiri ndi timitu towerenga, tija timati ma head, kapena pulogalamu ya drive yeniyeniyo yomwe mbali yake yaikulu imasungidwa pa zimbale. Imene ikung'ung'udza osazungulira, mwina ma head amatirira pa chimbale, mwina mota yagwira. Pa zonsezi, ndi mota yogwira yokha yomwe ingamufikitse munthu posamutsa zimbale, chifukwa mota imamangidwira m'thupi la drive ndipo siichotsedwa zimbale zili pomwepo. Zina zonsezo zimakonzedwa zimbale zisanasunthe.

Za bodi ndinenepo pang'ono, poti ambiri a ife timalakwitsa. Kupeza bodi ya nambala yofanana sikokwanira. Pa bodi pali kachipu ka ROM kosunga miyeso ya drive imeneyo yokha, yomwe inalembedwa ku fakitale. Kachipuko kapena zomwe zili m'menemo ziyenera kusamukira pa bodi yatsopano, apo ayi drive izungulira bwinobwino koma osawerenga kanthu.

Tsiku lachiwiri ndi lomwe linanditsegula maso. Zimbale zimazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi, ndipo head siikhudza chimbale, imauluka pamwamba pake pa mpata wosakwana ma nanometer 10 (milimita imodzi ili ndi ma nanometer miliyoni imodzi). Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa ma nanometer pakati pa 50,000 ndi 100,000. Ndiye kafumbi kamene diso silikuona, kwa head ndi chimwala chili pakati pa msewu. Ikakagunda imakanda chimbale, zokandikazo zimasanduka fumbi lina, fumbilo n'kukandanso pena. Pamene pakandika, mafayilo apita, palibe makina owabweza. N'chifukwa chake drive imatsegulidwa pa benchi yopemerera mpweya wosefedwa ndi sefa yogwira fumbi losaoneka yotchedwa HEPA, pa mlingo wa ukhondo wa mpweya wa ISO 5, umene kale ankauti Class 100: tizidutswa ta fumbi ta theka la micron (ma nanometer 500) kapena kuposa tisapitirire 3,520 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Tebulo langa la kuntchito, lomwe ndimapukutirapo mafani a ma laputopu, ndinaliganizira n'kuchita manyazi.

Koma fumbi si vuto lalikulu kuposa onse. Lalikulu ndi kaimidwe ka zimbale. Drive ya chimbale chimodzi imakhululukako. Ya zimbale ziwiri kapena zitatu ayi, chifukwa zizindikiro zotsogolera ma head zinalembedwa zimbalezo zitamangidwa kale pamodzi, ndipo drive ikachoka pa head ina kupita pa ina imayembekeza kupeza chizindikiro pamalo amene ikuwadziwa. Chimbale chimodzi chikatembenuka pang'ono chabe posiyana ndi chinzake, kapena chikakhala chopendekera kumbali pa mota yatsopano, drive imasochera. Choncho zimbale zimanyamulidwa zonse nthawi imodzi, pamodzi ndi timphete tozilekanitsa, ndi chida chozigwira m'mphepete. Zija timaonera pa YouTube, wina akujambula mzere ndi cholembera kapena kumata selotepi m'mbali, aphunzitsi anangopukusa mutu.

Ndinayesa ndekha pa drive yophunzirira ya zimbale ziwiri. Ma head ndinawachotsa bwino ndi kachipeso kowalekanitsa kuti asagundane. Pomasula sikulu yomaliza ya chopanikizira zimbale pa mota, dzanja linanjenjemera, chimbale chapamwamba chinasuntha mwina ndi kachidutswa kosakwana milimita. Ndinamanga zonse, kuyatsa, drive inazungulira, kugogoda kangapo, n'kuzima. Inali drive yamoyo ndisanaigwire. Ikanakhala ya kasitomala yokhala ndi zithunzi za ana ake, sindikudziwa ndikanamuyang'ana ndi nkhope yanji.

Wina anafunsa za nkhani yotchuka ya chombo cha mumlengalenga cha Columbia chomwe chinasweka mu 2003. Zoonadi, drive ya Seagate ya 400 MB ya m'chombomo inatoledwa itapsa, a kampani yopulumutsa mafayilo ya Kroll Ontrack anachotsa zimbale zake n'kuziika mu ina, ndipo anapulumutsa 99 peresenti ya zomwe zinalimo. Koma taonani kukula kwake: 400 MB. Mizere ya pa zimbale za masiku amenewo inali yotalikirana. Lero chimbale chimodzi chimanyamula 1 TB kapena kuposa, ndipo malo olakwitsira anatha. Ma drive akuluakulu odzazidwa mpweya wa helium, omwe kampani ya HGST inayamba kugulitsa mu 2013, ndi omatidwa kotheratu, amenewo tisawaganizire n'komwe. SSD, drive yosunga mafayilo m'timachipu, ilibe zimbale, nkhani yake ndi ina.

Tsiku lachitatu linali la ntchito yomwe tingayambe mawa. Drive yodwala isayatsidwe mobwerezabwereza, isayendetsedwe chkdsk (pulogalamu ya Windows yofufuza ndi kukonza zolakwika pa drive), isaikidwe mu firiji monga ena amalangizira, poti chinyezi chimakadikha pa zimbale. Ngati ikuwerengeka, choyamba ndi kukopera yonse pa drive ina yabwino ndi pulogalamu ya GNU ddrescue, yomwe ndi yaulere. Imayamba ndi malo osavuta, ovuta n'kuwabwerera pambuyo, ndipo imasunga kaundula wa pomwe yafika kotero kuti magetsi akathima simuyambiranso. Mafayilo amafufuzidwa pa kope, osati pa drive yodwalayo. Anationetsanso PC-3000 ya kampani ya ACE Lab, yomwe imalowa mu pulogalamu ya mkati mwa drive ndipo imatha kuzimitsa head yakufa kuti zinazo ziwerenge. Ndi chida chabwino, koma chofuna maphunziro akeake.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Tigwirizane kuti membala asatsegule chivundikiro cha drive ya kasitomala popanda benchi yosefa mpweya, ndipo yogogoda kapena yong'ung'udza aizimitse n'kuitumiza kwa amene ali ndi zida. Tilembenso fomu imodzi yoti kasitomala azisayina atauzidwa kuti kuyesa kulikonse kungawonjezere vuto. Ngati thumba lilola, benchi tigule imodzi ya gulu lonse, tiyambe kuphunzira kusintha ma head, zimbale zidikire.

Amene muli ndi ma drive akale opanda mwini, bwerani nawo pa msonkhano wotsatira, makamaka awiriawiri a mtundu umodzi. Za ddrescue ndidzaonetsa tsiku lomwelo, aliyense abwere ndi laputopu yake.