Ndinapita ku Thailand kukatumikira Mulungu koma ndanamizira mwana wa eni

Azakhali,

Kuno nthawi ili 2 koloko usiku, kumudziko ili cha m'ma 9 anthu akungomaliza kutsuka mbale, ine tulo tandithawa sabata yachitatu tsopano. Ndikulemba pafoni nde mundikhululukire nkhani ikamabwerera m'mbuyo. Dzina langa musalilembe chonde, ngakhale mpingo wanga sindiutchula chifukwa akwathu akangowerenga adziwa pompo kuti ndi ine.

Ndine mtsikana wa zaka 27, mphunzitsi wa Chingerezi, ndinaphunzitsako pa CDSS ina zaka zitatu. Pano ndili kumpoto kwa Thailand, tauni ina kufupi ndi Chiang Rai, ndinafika mu May 2024 sukulu zakuno zikungotsegulira, ndinabwera ndi bungwe lina la mishoni pa mgwirizano wa zaka ziwiri. Ndalama ya tikiti anasonkha ndi akumpingo, amayi a mvano anagulitsa mandasi ndi zitumbuwa miyezi, mayi anga anatenga ngongole ku banki mkhonde osandiuza, ndinachita kumva kwa mng'ono wanga ndili kale kuno. Tsiku lonyamuka anthu anadzaza minibasi kundiperekeza ku KIA akuimba, abusa anandisanjika manja nkunena kuti kale azungu ankabwera kwa ife, lero Malawi akutumiza wake. Mawu amenewo ndi amene akundilemera pano.

Ntchito yake ili chonchi. M'mawa ndimaphunzitsa pasukulu ya boma, ana a Mathayom 4 ndi 5, ndi ngati a Fomu 2 ndi 3 kwathuko. Madzulo Lachiwiri ndi Lachisanu timakhala ndi kalabu ya Chingerezi yaulere kunyumba ya mishoni, timaimba, timadya, kenako nkhani ya m'Baibulo. Kuno anthu oposa 90 pa 100 aliwonse ndi achibuda, akhristu ndi ngati mmodzi pa 100, kusukulu 8 koloko akakweza mbendera ana amapemphera mapemphero achibuda onse pamodzi. Ine izi ndinkazidziwa ndisananyamuke ndipo sizinandiopse. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti mwezi uliwonse tizilemba ripoti lopita kwa anthu otithandiza ndalama ku America, ndipo mtsogoleri wathu funso lake limakhala limodzi basi, angati alandira Yesu mwezi uno.

Ndisananene zoipa zanga ndinene kaye kuti ndavutika Azakhali. Anzanga atatu onse ndi azungu, makolo akabwera amafuna mwana wawo akhale m'kalasi ya farang, ndi mmene amatchulira mzungu kuno, ine ndi digiri yanga ya uphunzitsi amandilambalala nkupita kwa mnyamata wa zaka 22 amene sanagwirepo choko. Mnzanga wogona naye chipinda amakonza katchulidwe kanga pamaso pa ana, ndikati water iye nkubwereza mwa kwawo ana nkumaseka. Ufa umene ndinabwera nawo, makilo 5 amene mayi anakonola okha nkukagayitsa, anautaya ati unali ndi tizilombo, osandifunsa, ine ndili kusukulu, ndinangopeza thumba lopanda kanthu pa bini, ndipo nditadandaula anati tipemphere za mtima wanga wosakhululuka. Mwina muona ngati nzazing'ono koma ufa umenewo ndinkaphika kamodzi pa sabata Lamulungu lokha kuti ukhalitse. Work permit mpaka lero amangoti ikukonzedwa pamene lamulo lakuno ngakhale ntchito yongodzipereka imafuna permit, nde ndikaona galimoto ya immigration mtima umangoti phaa.

Ndiye miyezi isanu ripoti langa linali zero, anzanga akulemba atatu, anayi. Pa msonkhano anayamba kundifunsa ngati ndimapemphera mokwanira.

Pali mtsikana wina wa zaka 16, sindimutchula dzina. Makolo ake amagwira ntchito ku Bangkok, amakhala ndi agogo ake aakazi amene m'mawa uliwonse amagwada pamsewu kuika mpunga m'mbale za amonke. Mwana ameneyu ndi amene anayamba kundikonda ena onse akundiopa. Tsiku la Wai Khru mu June, limene ana amagwadira aphunzitsi nkuwapatsa maluwa, iye anabweretsa maluwa ake kwa ine, ndinalira. Anandiphunzitsa kudya khao niao, mpunga womata uja, ndi manja ngati nsima, anandiperekeza kumsika, mu November ananditengera kumtsinje kukaona Loy Krathong, chikondwerero choyandamitsa maluwa ndi makandulo pamadzi. Amafuna kudzakhala namwino nde Chingerezi amachifuna ndi mtima wonse, ankatsalira kalabu ikatha kuti ndimuthandize.

Tsiku lina mu January ndinamufunsa ngati akufuna kupemphera nane kulandira Yesu, anati eya. Azakhali ndinkadziwa, Mulungu ndi mboni ndinkadziwa kuti eya ameneyo sanali wa mumtima. Kuno ali ndi khalidwe amati kreng jai, mwana sangakanire mphunzitsi pamaso, amavomera kuti asakukhumudwitse, ife tinaphunzitsidwa zimenezi sabata yoyamba yeniyeni. Koma ndinamugwira manja, mnzanga anajambula, ine ndi dzanja langa ndinalemba mu ripoti kuti mwanayu wasiya mafano a agogo ake. Pali mawu ena amene ndinawonjezera okhudza kunyumba kwawo amene sindingathe kuwalemba pano, anali abodza, ndinangofuna nkhani imveke yamphamvu. Sindinadziwe kuti abungwe aziika pa Facebook ndi nkhope yake yosabisa, anandiuza kuti zimangopita pa imelo, nde pamenepo si ine ndekha wolakwa. Koma wolemba ndine.

Achibale ake ena amene amamva Chingerezi anaziona nkukawerengera agogo aja. Mwanayo anasiya kubwera ku kalabu, m'kalasi amakhala kumbuyo, akakumana nane amapanga wai mwaulemu, manja pamodzi, koma maso pansi. Ananditumizira uthenga umodzi pa Line, imene ili ngati WhatsApp kuno, anati Khru, kutanthauza aphunzitsi, chifukwa chiyani munalemba kuti agogo anga ndi oipa, anakuphikirani chakudya. Uthenga umenewo ndauwerenga kaya kangati, sindinayankhe mpaka pano. Zoona agogo aja anandiphikira, anandikhazika pamkeka, anandimanga ulusi woyera pamkono kundifunira zabwino, ine nditafika kunyumba ndinaudula poopa anzanga.

Mtsogoleri wathu nditamuuza anati chimenecho ndi chizunzo chimene Baibulo linanena, ndisangalale, positi anaichotsa patatha masiku anayi koma kukapepesa anati ayi zingaoneke ngati tikuchita manyazi ndi uthenga. Ine sindikuchita manyazi ndi Yesu Azakhali, ndimamukhulupirira lero ngati mmene ndinkamukhulupirira ndikukwera ndege, ndipo ndikanakonda mwana uja atamudziwa zenizeni. Chikundiwawa nchakuti ndinamugwiritsa ntchito kuti ndisaoneke wolephera. Kwathu munthu wachilendo atabwera pa CDSS paja nkumaphunzitsa mng'ono wanga mwaulere kenako nkukalemba pa intaneti kuti mayi anga amapembedza ziwanda, ine ndikanamutani? Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ine wa eni ndamuchititsa manyazi m'mudzi mwawo momwe.

Komanso ripoti lomwelo ndinalitumiza pa gulupu ya WhatsApp ya kumpingo, analiwerenga kutsogolo Lamulungu anthu nkululutira, mayi anandiimbira akulira ndi chimwemwe ati ngongole ija sikuwapwetekanso. Nde ndiwauze bwanji?

Pano kunja kuli utsi wokhawokha, ino ndi nyengo imene amatentha minda ndi tchire kumpoto kuno, mapiri sakuoneka, ndikutsokomola, sukulu zitseka mu March ndipo ndikapanda kuchitapo kanthu mwanayu sindidzamuonanso mpaka May. Chonde ndithandizeni. Ndipite ndekha kwa agogo aja kukagwada ngakhale mtsogoleri wakana, nanga Chithai changa nchongopatsira moni ndi kugulira zinthu kumsika, wondimasulira akhala mwana yemweyo ndinamulakwira, si kumusenzetsanso katundu kumeneko? Kapena ndimuyankhe kaye pa Line, ndilembe kuti chiyani choti asaone ngati ndikungofuna abwerere ku kalabu? Nanga abusa kumudzi ndiwauze zoona zonse kapena ndingosiya kutumiza maripoti? Ndikachoka mgwirizano usanathe akuti tikiti yobwerera ndidzigulira ndekha, ndilibe, ndipo ndikabwerako chimanjamanja amayi a mvano aja ndikawayang'ana ndi maso ati. Koma kukhalanso kuno mpaka 2026 ndikufunsidwa angati angati mwezi ndi mwezi ndikuopa kuti ndidzanamanso. Kodi nkutheka kungophunzitsa ana awa Chingerezi bwinobwino, nkumawakonda, wofunsa za Yesu nkumuyankha, osawerenga mitu, kapena pamenepo ndiye kuti ndadya ndalama za mpingo pachabe?

Mawa 10 koloko ndili ndi kalasi yake.

Ine wosowa mtendere,
Chiang Rai, Thailand