Kalata kwa Nambewe pa za mankhwala a TB

Nambewe mwana wanga,

Mchimwene wako wandiuza kuti makhololo ako apezeka ndi TB ndipo mankhwala wayamba kale. Wachita bwino kusachedwa. Kuno tonse tili bwino, bambo ako akupereka moni.

Ine ndine ndinakubala, khalidwe lako ndikulidziwa: thupi likangopepuka, mankhwala umawaponya m'kabati. Awa usawatero. Ndi miyezi 6 yathunthu. Miyezi 2 yoyamba piritsi lililonse limakhala ndi mankhwala anayi, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako miyezi 4 yotsalayo umapitiriza ndi awiri oyambawo. Pakangotha milungu ingapo kutsokomola kumachepa, thukuta la usiku limaleka, nsima umayamba kuimaliza. Apo m'pamene ambiri amanamizika. Tizilombo timakhala tisanathe, ndipo totsalato tikazolowera mankhwala, TB yake imakhala yosamva mankhwala wamba, yovuta kwambiri kuchiza.

Umwe m'mawa m'mimba mulibe kanthu, phala lidikire ola limodzi, ndipo uchonge pakhadi nthawi yomweyo.

Mkodzo ukasanduka ngati Fanta usaope. Ndi rifampicin ameneyo, amatulukanso m'thukuta ndi m'misozi. Pomwe ndinkadwazika malume ako, malaya awo oyera ankathimbirira m'khwapa, iwo n'kumati akukodza magazi, pafupifupi kusiya mankhwala. Choopsa ndi china. Maso akachita chikasu, ukamasanza kosalekeza, kapena kumva kuwawa kumanja pansi pa nthiti, ndiye kuti chiwindi chavutika. Pita kuchipatala tsiku lomwelo, usadikire tsiku la pakhadi. Chimodzimodzi zidzolo zikatuluka thupi lonse kapena ukayamba kuona mwachimbuuzi. Mapazi akamachita dzanzi kapena kutentha, ukapemphe vitamini yotchedwa pyridoxine. Mowa usaulawe n'komwe, ndipo mankhwala azitsamba amene apongozi ako angabwere nawo uwalandire mwaulemu, koma usamwe. Chiwindi chili kale ndi ntchito yambiri.

Tsopano za ife azimayi, poti wakula sindichita manyazi. Rifampicin amafoola mapiritsi olera ndi tindodo ta pamkono, moti ukhoza kuima osayembekezera, thupi lili lofooka chonchi. Ukafunse anamwino za lupu kapena jakisoni. Akati akuyeze HIV usakane. Amene ali pa ma ARV a TLD amawonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir madzulo, chifukwa rifampicin amachepetsa mphamvu yake.

Ukafuna kupita kwa amuna ako ku Johannesburg, uyambe watenga kalata yosamutsira kuchipatala ndi mankhwala okwanira ulendo, ngakhale ine ndikadakonda udikire mpaka umalize. Ana onse upite nawo akawayeze, makamaka wamng'onoyo poti sanakwane zaka 5. Alipo mankhwala oteteza ana otere. Mazenera uzitsegula masana.

Tikatha kukolola ndibwera ndi ufa ndi mtedza, ndipo khadilo ndidzaliona ndekha.

Ndine mayi ako.