Khosi langa linada, apongozi akuti sindisamba

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimagulitsa mandasi. Zaka ziwiri zapitazo kumbuyo kwa khosi langa kunayamba kuda, kenako m'khwapa ndi m'mphechepeche. Khungulo ndi lokhuthala, lofewa ngati veleveti, ndipo silipweteka. Ndinkati ndi utsi wa mbaula. Ndakhula ndi chinkhupule, mwala wokwechera mapazi, mandimu osakaniza ndi soda, mpaka kudzisupula. Mnzanga anandigulitsa mafuta oyeretsa khungu. Nkhope inayera, khosi osasintha, moti pano mutu ukukhala ngati wobwereka.

Chimene chimandiwawa ndi apongozi. Tsiku lina nditagwada kuwasambitsa m'manja, anandiyang'ana pakhosi n'kunena pamaso pa alendo kuti, "Kodi sopo anakwera mtengo chomwechi?" Kuyambira tsiku limenelo sindivula mpango m'khosi, ngakhale mu Okotobala.

Mwezi watha ndinapita kuchipatala chifukwa cha msambo, womwe umatha miyezi itatu osabwera. Ndisanamalize kufotokoza, adokotala anandiuza kuti ndivule mpango. Ataona khosi, tindevu ta pachibwano ndi thupi lomwe ndawonjezera, anati si litsiro ayi, dzina lake ndi acanthosis nigricans. Akuti thupi langa silikumvera bwino insulin (homoni yomwe imatsitsa shuga m'magazi), ndiye limapanga wochuluka, ndipo wochulukayo ndi amene amakhuthalitsa khungu mopindika monse. Akuganiziranso vuto la mahomoni lotchedwa PCOS, lomwe limasokoneza msambo ndi kuchedwetsa kutenga pakati. Atandiyeza shuga m'mawa ndisanadye anapeza 112, n'kunena kuti akafika 126 ndiye matenda a shuga. Mayi anga anamwalira ndi shuga yemweyo, ndiye mukudziwa mmene ndinamvera.

Anandipatsa mapiritsi a shuga otchedwa metformin, n'kundiuza kuti ndisiye mafuta aja, ndichepetse thupi, ndiziyenda, ndizidya mgaiwa, nyemba ndi masamba. Kunena n'kosavuta. Bambo a kunyumba amati mgaiwa ndi wa kundende, ndipo ine ndimatandala ndi beseni la mandasi pamiyendo, tiyi wa masupuni atatu pambali.

Tatha zaka 4 m'banja opanda mwana. Apongozi apeza kale sing'anga, akuti wina anandimanga. Amuna anga sandinyoza, koma akangomva za kuchipatala amati mapiritsi a shuga ndi a nkhalamba, n'kutuluka panja.

Azakhali, ndiwayambe bwanji bambowa kuti tipitire limodzi kwa adokotala akamve ndi makutu awo? Nanga apongozi ndiwakanire motani za sing'angazi popanda kuoneka wamwano, poti tikukhala pa puloti yawo? Ndiponso ndifunse, mwa owerenga anu alipo amene khosi lake linayambanso kuyera atachepetsa thupi? Zinatenga nthawi yaitali bwanji?

Ine wodandaula,
Ndirande, Blantyre